Kukaona Toledo, mzinda wa pathanthwe: muyambire pati, muthere pati

Ambiri amene amafika ku Madrid amauzidwa kuti Toledo ndi ulendo wa theka la tsiku: kukwera sitima m'mawa, kujambulitsa pakhomo pa tchalitchi, kugula kalupanga kachikumbutso n'kubwerera dzuwa lisanapendeke. Musatero chonde. Mzinda umenewu unali likulu la mafumu a Chivisigoti (mtundu umene unalamulira Spain ufumu wa Aroma utagwa), kenako unalamulidwa ndi Asilamu zaka zoposa 370, pambuyo pake n'kukhala mpando waukulu wa mpingo wa Katolika ku Spain konse. M'badwo uliwonse unamanga pamwamba pa zimene unazipeza. Kuti muzione bwino zimenezi pakufunika miyendo, dongosolo, ndi kugona konko usiku umodzi.

Mapepala ndi nyengo

Yambani ndi viza. Wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amafunika viza ya Schengen (yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, kuphatikizapo Spain), ngakhale akhale ku London kapena ku Johannesburg ndi chilolezo cha kumeneko. Mukhoza kupempha ulendo utatsala miyezi 6. Adzafuna inshuwalansi ya zachipatala yofika mayuro 30,000, umboni wa kogona ndi tikiti yobwerera. Musadikire sabata yomaliza.

Miyezi yabwino ndi Epulo, Meyi, Seputembala ndi Okutobala. Mu Julayi ndi Ogasiti kumatentha kufika madigiri 40, dzuwa la ku Nsanje lenileni, ndipo miyala ya m'misewu imasunga kutenthako mpaka usiku. Pewani Lolemba chifukwa nyumba za boma zosungiramo zakale zimakhala zotseka. Lamulungu m'mawa tchalitchi chachikulu chimakhala cha Misa basi. Odzaona malo amalowa masana. Nsapato zikhale zafulati, zogwira pansi. Gogoda musiye ku hotela, chifukwa mzinda wonse ndi zitunda ndi miyala yoterera.

Ngati ndinu Mkatolika ndipo masiku alola, lingalirani za chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, chimene ku Toledo chimachitika Lachinayi, masiku 60 Pasaka itapita. Amakunga nsalu pamwamba pa misewu, pansi n'kumwaza masamba onunkhira, makoma a tchalitchi n'kuwaveka nsalu zakale zoluka. Koma sabata imeneyo malo ogona amadzaza miyezi isanakwane.

Kuchoka ku Madrid

Toledo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kumwera kwa Madrid. Sitima yothamanga ya Avant imanyamuka pa siteshoni ya Atocha ndipo imatenga mphindi pafupifupi 33. Tikiti iliyonse ili ndi mpando wake, ndiye zikatha zatha. Gulani yopita ndi yobwerera nthawi imodzi, makamaka ngati mudzabwerere madzulo. Basi imanyamuka pa Plaza Elíptica, imatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo ndi yotsika mtengo.

Mukatsika sitima musathamangire kunja. Siteshoniyo inatsegulidwa mu 1919 ndipo anaimanga motsanzira luso la amisiri achisilamu akale: njerwa zoluka, matailosi amitundumitundu, ndi nsanja ya wotchi yonga ya mzikiti. Mukatero yendani wapansi mphindi zochepa kukafika pa mlatho wa Alcántara, umene maziko ake ndi a Aroma. Imani pakati pa mlathowo. Pansi pakuyenda mtsinje wa Tajo, umene unakumba chigwa chakuya kuzungulira mzinda mbali zitatu. Mukayang'ana kumwamba muona thanthwe ndi malinga, ndipo mumvetsa chifukwa chake mtundu uliwonse wankhondo unkalimbirana malo amenewa. Aroma anawalanda cha m'ma 192 Yesu asanabadwe. Mbali imodzi yokha, ya kumpoto, ndi imene inkafunika kuitchinga ndi linga lolimba.

Chitundacho n'chotopetsa. Pafupi ndi depoti ya mabasi pali makwerero oyenda okha, aulere, amene amakutulani kufupi ndi bwalo la Zocodover. Pabwalo limeneli pankagulitsidwa ziweto m'nthawi ya Asilamu, ndipo mpaka lero ndi pomwe misewu ya mzinda imakumanirana. Siyani chikwama kogona, dzazani botolo la madzi, muuyambe.

Yambani ndi kanyumba kakang'ono

Anthu ambiri amalunjika ku tchalitchi chachikulu. Inu yambani mwatsikira kumpoto, ku mzikiti wa Cristo de la Luz. Ndi kanyumba ka mamita pafupifupi 8 mbali iliyonse, komangidwa mu 999. Chakacho chinalembedwa ndi njerwa m'Chiarabu pakhoma lakumaso. M'katimo muli mizati inayi, ndipo ina mwa mitu ya mizatiyo anaichotsa pa nyumba za Avisigoti. Kumwamba kuli timadenga 9 tozungulira, kalikonse ndi kalukidwe kake. Mfumu Alfonso VI italanda mzinda mu 1085, Akhristu sanaugwetse mzikitiwu. Patapita nthawi anangowonjezera chipinda cha guwa kumbuyo n'kuusandutsa tchalitchi. Panja pake pali msewu wa Aroma umene anaufukula. Pa kamalo kamodzi mwaona mibadwo inayi, ndipo maso anu aphunzira zoti azifunafuna kwina konse.

Pomwepo gulani kachibangili ka alendo, kamene iwo amati pulsera turística. Kamakulowetsani m'malo 7, kuphatikizapo mzikitiwu, Santo Tomé, Santa María la Blanca, San Juan de los Reyes ndi tchalitchi cha Ajezuiti. Tchalitchi chachikulu chili ndi tikiti yakeyake.

Pokwera kubwerera pakati pa mzinda, mudzifunse chifukwa chake misewu idakali yopapatiza chotere, yokhotakhota, mwina yongokwana munthu ndi bulu. Yankho lili mu 1561, pamene Mfumu Felipe II inachotsa likulu ku Toledo n'kulisamutsira ku Madrid. Akuluakulu a boma anatsatira mfumu pamodzi ndi chuma chawo. Ku Toledo kunatsala ansembe, asisitere ndi amisiri, ndipo panalibe wa ndalama zogwetsera zakale kuti amange misewu yotakata. Kusiyidwa kumeneko ndi kumene kunaupulumutsa mzindawu, mpaka UNESCO inauika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1986.

Tchalitchi chachikulu: chipatseni maola atatu

Tikiti amagulitsa m'sitolo yoyang'anizana ndi khomo la Puerta Llana, mumsewu wa Cardenal Cisneros. Tengani kachipangizo kofotokozera m'makutu. Mapewa ndi mawondo zikhale zofunda, chipewa chivulidwe. Muno anthu amapempheramo tsiku ndi tsiku.

Ntchito yomanga inayamba mu 1226, m'nthawi ya Mfumu Fernando III ndi Arkiepiskopi Rodrigo Jiménez de Rada, pamalo pamene panali mzikiti waukulu, umenenso unakhala pa tchalitchi cha Avisigoti. Anamaliza mu 1493. Zaka 267 zimenezo zikutanthauza kuti woika mwala woyamba, mwana wake, mdzukulu wake, onsewo anafa denga lisanatsekedwe. M'litali ndi mamita 120, m'lifupi 59.

Lowani kaye m'malo a kwaya, pakati pa tchalitchi. Mipando yam'munsi inasemedwa ndi Rodrigo Alemán nkhondo yolanda Granada m'manja mwa Asilamu ili m'kati, ndipo pa mpando uliwonse pali mzinda umodzi ukugwa m'manja mwa ankhondo achikhristu: makwerero atatsamira linga, mfumu ikulandira makiyi. Weramani muone pansi pa mipandoyo ndi m'mbali mwake, muona tinyama ndi tianthu tochita zoseketsa, zimene mmisiri anabisa kumene maso a akuluakulu sankafika kawirikawiri. Pa guwa la pomwepo pali chifanizo cha Virgen Blanca, Amayi Maria akumwetulira, Mwana akuwagwira chibwano. M'nyumba yodzaza golide ndi manda, kumwetulira kumeneku kumakhudza mtima kuposa zambiri zazikulu.

Kenako yang'anani guwa lalikulu, khoma lonse la matabwa osema opakidwa golide, moyo wa Yesu wosanjidwa kuyambira pansi kukafika pa mtanda kudenga. Mukatha zungulirani kumbuyo kwake. Kumeneko kuli Transparente, ntchito ya Narciso Tomé ya pakati pa 1729 ndi 1732. Vuto linali loti malo osungira Ukaristiya anali mumdima. Tomé anaboola denga la mwala la tchalitchi, chinthu chimene ambiri ankaopa kuti chigwetsa nyumba, n'kuzunguliza bowolo ndi zifanizo za angelo ndi oyera zooneka ngati zikusuzumira pansi. Kuwala kumatsika kuchokera pamenepo n'kugwera pa miyala ya mabo ndi mkuwa. Imirirani chofulatira guwalo, mukweze mutu. Ena amati ntchitoyi ndi yodzaza mopitirira muyeso poiyerekeza ndi mizati yosalala ya m'zaka za m'ma 1200. Ine ndimaiona ngati kulimba mtima kwa munthu amene anakhulupirira masamu ake.

Muli chikwezere mutu choncho muona zipewa zofiira zitalendewera pa zingwe, zina zitasuluka ndi fumbi. Ndi za makadinala, ndipo chilichonse chili pamwamba pa manda a mwini wake. Yang'ananinso pansi pomwe mukuponda. Pa manda a Kadinala Portocarrero, munthu amene anali ndi mphamvu zosankhitsa mfumu ya Spain, sanalembepo dzina. Pali mawu a Chilatini onena kuti pano pagona fumbi, phulusa, ndi chabe.

M'sakristiya muli chithunzi cha wojambula wotchuka El Greco chosonyeza Yesu akuvulidwa malaya asanapachikidwe, chojambulidwa kuyambira 1577 mpaka 1579. Mkanjo wofiira umakukokani maso muli pakhomo. Akuluakulu a tchalitchi sanakondwe nacho: anadandaula kuti mitu ya khamu yakwera kuposa mutu wa Ambuye, ndipo anakangana naye kwambiri pa mtengo. Chithunzicho chidakali m'chipinda chomwecho. Denga lake anajambula ndi Luca Giordano, ndipo m'makoma muli ntchito ya Goya ndi ena.

Musatuluke musanaone chotengera Ukaristiya chimene Enrique de Arfe anapanga m'zaka zoyambirira za m'ma 1500, atatumidwa ndi Kadinala Cisneros. Ndi nsanja ya siliva wokutidwa golide, yoposa mamita 2, yodzaza tizifanizo tating'onoting'ono. Si chongoonetsa alendo ayi, chaka chilichonse chimatuluka kukayenda m'misewu pa mdipiti wa Thupi ndi Magazi a Ambuye. Ngati tsikulo akulola kukwera nsanja, kumwambako kuli belu la Campana Gorda, lolemera matani pafupifupi 17, limene linang'aluka litangoyamba kumene kugwira ntchito m'zaka za m'ma 1750.

Nkhomaliro

Ku Spain nkhomaliro imayamba cha m'ma 2 koloko, mgonero cha m'ma 9 usiku. Funsani menú del día: mbale ziwiri, buledi, chakumwa ndi chotsekemera pa mtengo umodzi. Chokani pa misewu yodzaza alendo, mulowe kumene mukumva Chisipanishi chokhachokha. Chakudya cha pano ndi carcamusas, nyama ya nkhumba yophika ndi matimati ndi nsawawa m'kambale kadothi, komanso nkhwali yofutsa. Amene sadya nkhumba afunse bwino, chifukwa imalowa m'zakudya zambiri ngakhale zooneka ngati zamasamba.

Chithunzi chimodzi ndi dera la Ayuda

Masana pitani ku tchalitchi cha Santo Tomé. Mukulowera chithunzi chimodzi chokha, cha maliro a bwana wa ku Orgaz, chimene El Greco anajambula kuyambira 1586 mpaka 1588. Wojambulayu anabadwira ku Crete mu 1541, anadzera ku Venice ndi ku Roma, n'kudzakhazikika ku Toledo mpaka imfa yake mu 1614. Mwini malirowo, Gonzalo Ruiz de Toledo, anamwalira mu 1323, ndipo anthu ankakhulupirira kuti Stefano Woyera ndi Augustino Woyera anatsika kudzamuika m'manda ndi manja awo. Augustinoyo, wandevu zoyera ndi chisoti cha uepiskopi, ndi mwana wa Africa, episkopi wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria. Ndalama zojambulira zinapezeka wansembe wa parishiyo atapambana mlandu ndi anthu a ku Orgaz, amene anasiya kupereka zimene malemuyo analamula kuti ziziperekedwa chaka ndi chaka.

Magulu a alendo amabwera n'kupita mphindi zochepa zilizonse. Khalani kumbuyo, gulu likatuluka sunthirani kutsogolo. Onani chovala choyera cha wansembe wa kudzanja lamanja, chopyapyala mpaka mkanjo wakuda kuonekera m'kati. Onani kamnyamata kakuloza mtembo: ndi mwana wa wojambulayo, Jorge Manuel, ndipo pa kansalu kotuluka m'thumba mwake palembedwa 1578, chaka chimene anabadwa.

Kutsika pang'ono mwalowa m'dera lakale la Ayuda. Yang'anani pansi, muona timatailosi tating'ono ta zilembo za Chiheberi ndi choikapo nyale cha nthambi 7, tosonyeza malire a deralo. Pano m'pomwe olondolera alendo amakonda kunena kuti Toledo ndi mzinda wa zikhalidwe zitatu zimene zinkakhala mwamtendere. Mbali ina ndi zoona. M'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 Akhristu, Ayuda ndi odziwa Chiarabu ankagwirira limodzi ntchito yomasulira mabuku. Gerardo wa ku Cremona yekha anamasulira oposa 70, kuphatikizapo la Ptolemy la zakuthambo, la Ibn Sina la zamankhwala ndi la al-Khwarizmi la masamu, ndipo masukulu a ku Ulaya anawagwiritsa ntchito zaka mazana. Mfumu Alfonso X, yobadwira mumzinda uno mu 1221, inapitiriza ntchitoyo.

Koma nkhaniyi muimve yonse. Sunagoge wa Santa María la Blanca, wa mizati yoyera ndi zipata zopindika ngati za mzikiti, anamangidwira Ayuda ndi amisiri a luso lachisilamu pansi pa mfumu yachikhristu. Dzina limene ali nalo lero ndi la tchalitchi chifukwa analandidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, Ayuda ambiri ataphedwa mu 1391. Sunagoge wa El Tránsito anamangidwa cha m'ma 1357 ndi Samuel ha-Levi, msungichuma wa Mfumu Pedro I. Makoma ake ali ndi masalimo m'Chiheberi, mawu a Chiarabu ndi chizindikiro cha ufumu wa Castilla, zonse pakhoma limodzi. Patangopita zaka zochepa mfumu yomweyo inamutsekera m'ndende Samuel uja, ndipo anafa akuzunzidwa mu 1360. Mu 1492 Ayuda onse okana kubatizidwa anathamangitsidwa m'dziko. M'nyumbayi lero muli Museo Sefardí, yosunga mbiri yawo. Kwerani m'chipinda cham'mwamba mmene munkakhala amayi popemphera, mukhaleko kanthawi. Kukongola kwa makomawa n'kwenikweni, ndipo eni ake kulibe.

Malizani ndi San Juan de los Reyes, nyumba ya amonke imene Mfumukazi Isabel ndi Mfumu Fernando analamula kuti imangidwe pambuyo pa nkhondo ya ku Toro ya 1476. Ankafuna kudzaikidwa mmenemo, koma manda awo ali ku Granada. Pakhoma lakunja palendewera maunyolo a akaidi achikhristu amene anamasulidwa pa nkhondo za kumwera. M'kati muli bwalo la mitengo ya malalanje lozunguliridwa ndi makonde osema, malo abwino opumulira miyendo.

Madzulo ndi m'mawa mwake

Dzuwa likapendeka tsikirani ku mlatho wa San Martín, muwoloke, mutsate msewu wozungulira tsidya la mtsinje mpaka pa Mirador del Valle. Wotopa akwere takisi kapena kasitima ka alendo konyamuka pa Zocodover. Pamenepo mzinda wonse umaoneka kamodzi: nsanja ya tchalitchi, nyumba ya asilikali ya Alcázar ya ngodya zinayi, madenga ofiirira, ndi mtsinje utaukulunga. Dikirani mpaka magetsi ayake.

Apa m'pomwe kugona konko kumapindula. Mabasi a alendo akachoka misewu imatsala ya eni mudzi. Yendani cha kumpoto, kufupi ndi Santo Domingo el Real, kumene timisewu timadutsa pansi pa nyumba za asisitere. Mudzasochera ndithu, ndipo si vuto: mzinda ndi waung'ono, mukangokwera chitunda mupeza tchalitchi kapena Alcázar.

M'mawa lawirirani ku tchalitchi chachikulu, mukalowe ngati wopemphera. M'kachipinda kotchedwa Capilla Mozárabe mumachitika Misa tsiku lililonse motsata mwambo wakale wa ku Spain, wa m'nthawi ya Avisigoti, pamene Mfumu Recaredo inalengeza poyera kuti yalowa Chikatolika pa msonkhano wa maepiskopi wa ku Toledo mu 589. Akhristu a pano anausunga mwambowu zaka zonse za ulamuliro wa Asilamu, ndipo Kadinala Cisneros anaukhazikitsira kachipinda aka kuti usafe. Nthawi yake funsani pakhomo dzulo lake. Wozolowera Misa ya masiku onse adzazindikira zambiri, koma adzaona wansembe akunyema mkate m'zidutswa 9, zambiri mwa izo n'kuziyala ngati mtanda. Kamera ikhale m'thumba.

Alcázar mukhoza kuiona mwachidule. Inagumuka kwambiri mu 1936, pamene ankhondo a boma anaizinga kuyambira Julayi mpaka Seputembala pa nkhondo yapachiweniweni, ndipo imene mukuionayi ndi yomangidwanso. Muli zakale za asilikali, ndipo pamwamba pali laibulale yomwe mazenera ake amaonetsa mzinda.

Zogula zisiyeni kumapeto. Mazapán, chotsekemera cha alimondi ndi shuga, mugule kwa asisitere. M'nyumba zina simuwaona nkhope: pakhoma pali kabati yozungulira, mumaliza belu, kumveka mawu akuti "Ave María Purísima", inu n'kuyankha "sin pecado concebida". Mukanena chimene mukufuna kabatiyo imazungulira ndi kabokosi, inu n'kuikamo ndalama. Tengani ndalama zapamanja, zosinthasintha.

Damasquinado ndi luso lokhomerera ulusi wa golide kapena siliva m'chitsulo chakuda. Zambiri za m'masitolo n'zodinda ndi makina. Zapamanja n'zodula, mizere yake siifanana ndendende, ndipo wogulitsa woona sakana kukuonetsani mmisiri ali pa ntchito ndi kanyundo kake. Malupanga ndi mipeni ya ku Toledo ndi yotchuka kuyambira kale, koma ganizani kaye za ulendo wobwerera. Pa siteshoni katundu amadutsa pa makina ounika, ndipo m'ndege lupanga sililoledwa m'chikwama cham'manja. Sungani lisiti, lisiyeni m'bokosi lake lomata, kapena pemphani sitolo ikutumizireni, mutafunsiratu ngati malamulo a kasitomu a kumene mukukhala amalola chinthu chotere kulowa.